Ndiwo Yasanduka Bwana ku Joni

Adzukulu inu, ikani kaye pansi timafoni tanuto, mukhale apa. Pakhomo pano pagwa mlandu, ndipo wopalamula ndi mkulu wanu uja ali ku Joni. Poti mwini wake palibe, muumva ndinu, chifukwa ndinakuonani mukusekerera kanema amene anatumiza pa WhatsApp.

Mwana ameneyu tinamulera ndi usipa wa pamsika wa Golomoti. Lero waona tindalama, wagula thanki lagalasi la malita 500, waliimika pabalaza, wathiramo nsomba. Ndiye akuti sizodya. Sizodya! Nsomba ya mamba ake, ya mnofu wake, munthu n'kumadyera nsima kabichi iyo ikumuyang'ana.

Imvani za madzi ake. A pampopi akuti ayi, zingafe. Amayamba wawasefa, kenako n'kusungunuliramo mchere, magalamu 35 pa lita iliyonse, kuti afanane ndi a m'nyanja ya ku Beira. Mwapita kusukulu inu, werengetsani: makilogalamu 17 ndi theka. Si mchere wothira m'ndiwo uwu, ndi wake wake wa m'sitolo ya nsomba, ndipo amatunga madzi ena n'kutaya kuti athire atsopano. Apo n'kuti agogo anu aakazi akutuma mwana ndi kasupuni kukapempha mchere kuseri kwa nyumbaku.

Nsombazo dzina lake akuti tang. Zina zachikasu, ina yabuluu, ija mumaitchula kuti Dory m'katuni mwanu. Kukongola ndiye zakongola, sindikana ayi. Koma ndeu! Iliyonse ili ndi kampeni kobisika patsinde pa mchira, ndipo zikakwiyitsana zimatembenuzirana mbuyo n'kuchekana. Akuti ukafuna kuweta zingapo uziike zonse tsiku limodzi, chifukwa imene yayamba kulowa imati thanki lonse ndi langa, mlendo aliyense imuthamangitsa mpaka asiye kudya. Izi mkulu wanu amazidziwa bwinobwino, amafotokoza mpaka thovu kukamwa. Yemweyo, mkangano wa malire a dimba la amayi ake kudambo la Bwanje, akuti agogo zimenezo n'zovuta.

Pansi pa thankilo pali zimene ine ndi maso angawa ndikuona miyala. Iye akuti ndi makorali, tizilombo tamoyo. Timafuna nyale yakeyake yabuluu, madzi ofunda madigiri 25, ndi pampu yowatakasa usana ndi usiku. Magetsi akazima, paja ku Joni nakonso amazima, mnyamata sagona. Amachezera kutunga madzi ndi jagi n'kumawakhuthulira momwemo kuti mwala usakomoke. Ine nditagona ndi malungo dzinja lathali ananditumizira kachithunzi ka manja opemphera.

Komatu chandiwawa kwambiri si ndalama. Ndinamufunsa kuti nanga mbuna uli nazo? Iye: mbuna n'chiyani agogo? Kalanga ine! Mwana wobadwira kwa Kachindamoto, woti akakwera ku Mua nyanja amaiona ndi maso! Nyanja imeneyo ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo mbuna ndi tija tamawangamawanga timapala ndere pamiyala: tabuluu, tachikasu, tamizeremizere. Ndeu nato n'chimodzimodzi, katambala kalikonse kali ndi mwala wake. Ndiye taonani ulemu wake: yaikazi imafungatira mazira m'kamwa pafupifupi milungu itatu, osadya, mpaka ana atuluke akusambira okha. Amayi anu akamati ndinakuvutikirani, muzikumbukira kuti m'madzimu muli anzawo.

Azungu anazindikira kalekale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant anali ku Senga Bay ndi anyamata ake omira pansi pa madzi, kugwira tinsombati tamoyo, kutimanga m'mapepala apulasitiki a madzi ndi mpweya, n'kutikweza ndege. Mbuna yakwera ndege ine ndisanaione n'komwe m'kati mwake! Mu 1980 boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park makamaka chifukwa cha nsomba zomwezi, kuyambira ku Cape Maclear mpaka zilumba za Maleri, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi. Lero ku Germany ndi ku America kuli anthu oti Mtakataka sanaumvepo, koma mayina a zilumba zathu amawatchula pamtima. Madzi a mbuna safuna n'komwe thumba la mchere. Mdzukulu wanga wadumpha zonsezi n'kukagwadira nsomba ya kwa eni.

Inu musaseke. Iwe wakhala kumapetowe, suja ndinakupeza kugombe ukukoka khoka la neti ya udzudzu, ija anapatsa mlongo wako kusikelo? Zimene munatulutsa m'madzi tsiku lija sizinali nsomba, anali maso okhaokha. Novembala ndi Disembala amatseka nyanja kuti chambo chiswane, inu ndiye mumati mpata wapezeka. Ife tinkamwera tiyi chambo chowamba. Inu mumachionera pa Facebook. Wina akulambira nsomba, wina akupulula ana ake, onsewo magazi anga.

Chigamulo changa nachi, ndipo palibe apilo. Iwe wa netiwe, ukaichape, ukaipachike pamene pagona mwana. Wa ku Joniyo mumujambulire mawu anga: alipira chindapusa cha thumba la mchere, wodya anthu, ndi shuga, zikwere basi mwezi uno. Akadzabwera pa Khirisimasi, ndidzamukweza ndekha minibasi mpaka ku Cape Maclear, avale galasi kumaso, aviike mutu m'madzi. Dory akhoza kubwera naye ngati akufuna, koma mumuchenjeze kuti agogo ake aakazi afunsa kale ngati imakoma yootcha kapena yophika ndi tomato.