Tiwapatse Ulemu a Ctrl+R

Dziko lino lili ndi tsankho. Douglas Engelbart ataonetsa mouse ku San Francisco mu 1968, anthu anaimirira n'kuwomba m'manja, ndipo mabuku akumutchulabe mpaka lero. Koma a Ctrl+R, amene apulumutsa zala za miyandamiyanda ya anthu olemba malamulo mu terminal, palibe ngakhale kamsewu kafumbi kotchedwa dzina lawo.

Ntchito yawo nayi. Lamulo lililonse limene mwalemba pachiwindo chakuda chija, Bash, pulogalamu yolandira malamulo anu, imalisunga mu fayilo ya ~/.bash_history. Tsono tinene kuti sabata yatha munalemba lamulo la rsync lalitali ngati mndandanda wa mphatso zapaukwati, lero m'mutu mwatsala zilembo zitatu zokha. Dinani Ctrl+R, lembani rsy. Lamulo lonse mbwee, ndi timizere take tonse, ndi adiresi ya seva yomwe. Si limenelo? Dinaninso, achikulirewa abwerera m'mbuyo kukatenga lina lakale. Sadandaula, safunsa kuti munali kuti masiku onsewa, ndiponso sauza bwana kuti ndinu woiwalaiwala. Ndani mwa abale anu angakuchitireni zotere?

Onani tsopano mnzanu wa mouse. Wachotsa dzanja pa kiyibodi, wayenda ulendo wonse kukafika kumanja kwa tebulo, akupukusa kagudumu kusaka mzere uja. Waupeza, waukoka, wasiya chilembo choyamba. Wayambiranso. Tiyi wazizira, mwana wamaliza sukulu.

Banja lawo nalonso ndi la anthu olongosoka. A Ctrl+A amakufikitsani kumayambiriro kwa mzere, a Ctrl+E kumapeto. A Ctrl+W amadula liwu la kumbuyo kwanu, a Ctrl+Y n'kulibweza mukasintha maganizo, moti awiriwa sasiyana. A Alt ndi kadontho amakutengerani liwu lomaliza la lamulo lapitalo, dzina la fayilo lija losatchulika. Onsewa kwawo ndi ku Readline, imene Brian Fox analemba, yemweyo amene anatulutsa Bash mu 1989, ndipo Chet Ramey wakhala akuisamalira zaka zambirimbiri. Koma gogo wa onse ndi a !!, amene anabwera ndi C shell ya Bill Joy ku Berkeley chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Kompyuta ikakukanizani kuti mulibe chilolezo, mumangolemba sudo !! basi, lamulo lomwelo n'kubwerera litavala tayi, zitseko zonse n'kutseguka. Ine ndimati zilembo ziwirizi zaletsa mikangano yambiri kuposa makhoti.

Alipo amiseche, sangalephere. Amati a Ctrl+R sasunga chinsinsi, chifukwa password imene munailemba pamzere imatulukira mnzanu ali chilili kumbuyo kwanu. Nanga anailemba ndi iwo? Chikhala kuti munaika ignorespace mu HISTCONTROL n'kuyamba lamulolo ndi mpata umodzi, bwenzi asanalione n'komwe. Ena amati anawabweretsera rm wakale, mafayilo n'kupita. Pepani ndithu, koma Enter anadina ndi inu. Mukanadina muvi wakumanja lamulo likanaima pamzere kudikira kuti mulikonze, ndipo Ctrl+G ikanathetsa nkhani yonse mwamtendere.

Chimene chimandiwawa kwenikweni ndi malo amene tawapatsa. Bash mukaisiya mmene inabwerera imakumbukira malamulo 500 okha. Ubuntu inakweza kufika pa 1000, n'kumadziona ngati yachita zachifundo. Nkhalakale yotere, yokhoza kukumbukira zimene munalemba musanakwatire, mukuiuza kuti iziiwala za mwezi watha? Chipongwe chimenechi chithe. Tsegulani ~/.bashrc lero lomwe, HISTSIZE ndi HISTFILESIZE muziike pa 50000, ndipo potsegulapo musayerekeze kugwira mouse.