Mlandu Si wa Kamera

Mkulu wina wojambula zithunzi pa msika wa Kasinje, m'mbali mwa msewu wa M5, amene kamera yake inayamba ntchito m'masiku a filimu ya Kodak, pamene chithunzi cha ukwati chinkakatsukidwa ku Blantyre n'kudzafika mkwatibwi ali kale ndi mwana kumsana, atafunsidwa kuti adzagula liti yatsopano, poti achinyamata akusintha mafoni chaka ndi chaka, anayankha mofatsa kuti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Indetu, abale, ine ndagula mafoni atatu pofunafuna chithunzi chondiyenera, koma onsewo achitira umboni mphuno imodzimodziyo. Kamera isinthidwe ikafa. Ukaipa nkhope, dziwa nyimbo.