Rauta yafika, koma modemu isachotsedwe ntchito

Pabokosi la rauta amalonjeza kuti kulumikiza n'kosavuta. Wolemba mawu amenewo sanagwadepo kuseri kwa kabati tochi ili kukamwa.

Modemu yakaleyo musaitaye ayi. Ndiyo imalandira intaneti kuchokera kukampani. Rauta imangogawa basi, ngati mkamwini wotchuka ndi kupatsa, pomwe chimangacho n'cha m'nkhokwe ya apongozi. Thimitsani modemu, dikirani masekondi 30, kenako tengani chingwe cha Ethernet chochokera kumodemuko muchilowetse pabowo lolembedwa WAN. Pambali pake pali mabowo a LAN ofanana nalo ndendende, ndipo dzanja la munthu, pazifukwa zodziwa lokha, limathamangira komweko. Poyatsa, yambani ndi modemu, rauta pambuyo. Ngati modemuyo nayonso imatulutsa Wi-Fi, iikeni pa bridge mode, kuopa kuti zonse ziwiri zingamagawe maadiresi m'nyumba imodzi.

Tsopano, kuti mulowe m'rauta, lembani 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 pomwe mumalemba maadiresi a pa intaneti. Marauta ambiri amabwera ndi dzina lolowera lakuti admin, pasiwedi yakenso admin. Chinsinsi chimenechi mwana wa aneba anachidziwa kalekale, asanadziwe n'komwe kuchapa yunifolomu. Komanso Wi-Fi ya 2.4 GHz imadutsa makoma kuposa ya 5 GHz, ndiye mukaona anyamata akonda mwadzidzidzi mthunzi wa mpanda wanu, musaganize kuti abwera kudzakuzondani.

Sinthani mapasiwedi onse awiri lero lomwe, yolowera m'rauta ndi ya Wi-Fi. Ndipo chonde lisakhale dzina la mwana wanu woyamba, aneba amakuitanirani lomwelo.