Malangizo kwa Wapaulendo Wofuna Kupenya Nyenyezi za Kummwera

Popeza masiku ano kwabuka anthu aulemu wawo amene sakhutanso ndi kuona nyanja ndi njovu pa maulendo awo, koma afuna kubwerako atapenyanso nkhungu zowala ndi makamu a nyenyezi za thambo la kummwera, ndayesa chokoma kulemba malangizo owerengeka, kuti munthu wotere, atamwaza chuma chake ndi kudzimana tulo, abwerere kwawo osaona kanthu, monga kuyenera munthu wolemekezeka.

Poyamba, mbale wanga, wina asakunyengeni kuti zinthuzi zioneka muli pakhomo panu. Zoonadi, Mtanda wa Kummwera ndi Mlalang'amba zimakwera pamwamba pa Nyika ndi Mulanje popanda kulipiritsa msonkho. Koma chaulere chilibe ulemerero. Nyamukani mupite ku NamibRand m'dziko la Namibia, kumene mdima unalandira ulemu wakusungidwa m'chaka cha 2012, kapena ku Sutherland ku South Africa, kapena ku chipululu cha Atacama ku Chile, kuti mdima womwewo umene mumautukwana magetsi akazima mukaugule ndi ndalama zakunja.

Posankha tsiku, onetsetsani kuti mwezi uli wathunthu, pakuti munthu wa msinkhu wanu sayenera kupunthwa pa miyala. Ndipo ngati kuwala kwake kukwirira nkhungu zonse zimene munazidzera, umenewo ndi mlandu wa mwezi. Za nyengo musafunse munthu. Omega Centauri, khamu lija la nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni limene Edmond Halley analilemba mu 1677 ali pa chilumba cha St Helena, limakwera bwino madzulo a Epulo kufikira Juni, pamene khamu la 47 Tucanae ndi Mitambo iwiri ya Magellan zimakwera chaka chikamapita kumapeto. Koma inu zifuneni zonse pa ola limodzi, pakuti mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa anaunenera amphawi.

Kunena za zida, musatsanzire umphawi wa Nicolas-Louis de Lacaille, amene ali ku Cape m'zaka za 1751 ndi 1752 analemba nyenyezi pafupifupi 10,000 ndi katelesikopu ka galasi la theka la inchi. Inu gulani telesikopu yolemera, yoti anyamule amuna awiri, ndipo musaimasule m'bokosi kufikira usiku womwewo, kuti pamene anzanu akupenya kumwamba ndi tizida tawo ta m'manja, inu mukhale chogwada, kufunafuna kachitsulo kotayika mumchenga, umene ulinso mkhalidwe wokoma wa kudzichepetsa.

Adzakuuzani akatswiri kuti diso la munthu lifuna mphindi 30 kuti lizolowere mdima, kuti tochi iyenera kukhala yofiira, ndi kuti chinthu chozilala chioneka bwino munthu akayang'ana pambali pake pang'ono, pakuti mbali za diso zimva kuwala kochepa koposa pakati pake. Adzaonjezanso kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Musawamvere. Kodi munthu amene walipira ndege nkuyang'ana cham'mbali ngati wamangawa? Yang'anani chindunji, ndipo mphindi zisanu zikatha yatsani foni yanu muone ngati abale akufunsani pa WhatsApp. Mukatero mudzachititsa khungu inu nokha pamodzi ndi onse okhala nanu, ndipo dzina lanu lidzakumbukika pamalopo.

Mukafika pa nkhungu ya Carina, mmene muli nyenyezi ya Eta Carinae imene mu 1843 inawala kuposa zonse za usiku kupatula Sirius, kapena pa nkhungu ya Tarantula, imene kuwala kwake kwayenda zaka ngati 160,000 kuti kukupezeni, yembekezerani kufiira ndi kubiriwira konse kwa m'zithunzi. Mudzaona kanthu kotuwa, konga phulusa lopakika pa nsalu yakuda, chifukwa kamera isonkhanitsa kuwala nthawi yaitali pamene diso silitha kutero. Pomwepo itanani mwini malo, mumuuze mwaulemu kuti akubwezereni ndalama zanu. Ndipo wina akakulozerani kagulu ka Jewel Box, kamene John Herschel anakayamikira ali ku Cape pakati pa 1834 ndi 1838, mmene nyenyezi yofiira ioneka ndithu pakati pa zoyera, nenani kuti n'kakang'ono kosayenera ulendo wotere.

Pobwerera kwanu, akakufunsani chimene munaona, mtima wanu usavutike. Pambali pa Mtanda pali Coalsack, mtambo wa fumbi wotsekereza nyenyezi za kumbuyo kwake, umene ulemerero wake wonse uli m'kuda kwake. Nenani molimba mtima kuti munaupenya usiku wonse, kuyambira kum'mawa kufikira kumadzulo kwa thambo, ndipo palibe katswiri amene adzakutsutseni.