Kodi zinki wa pamalata akufunanji m'thupi mwa bambo?

Zinki tonse timamudziwira pa malata, kuti asachite dzimbiri. Ankamukumba ku Kabwe mpaka mgodi unatsekedwa mu 1994. Koma mwana wa ku Kabwata akatsegula m'mimba, kukiliniki amamupatsa timapiritsi ta zinki pamodzi ndi ORS. Wa padenga ndi wa mwanayu ndi mmodzi? Inu anakuuzani?

Akuti munthu wamkulu amayenda ndi magalamu awiri kapena atatu a zinki, wambiri ali m'minofu ndi m'mafupa. Kuti aone njira yake, asayansi anatenga zinki wotulutsa cheza, wotchedwa zinc-65, n'kubaya naye anthu, kenako n'kumamulondola ndi makina. Amayamba wathamangira kuchiwindi, kukapamba ndi kuimpso. Kumafupa amafika mochedwa, ndipo akafika safuna kuchoka. Wotuluka amatulukira kwambiri m'chimbudzi, m'mkodzo ndi wochepa. Chabwino. Koma cheza chakecho chimatenga masiku 244 kuti chitsike ndi theka lokha. Obayidwa aja anawafotokozera zimenezi asanapinde malaya?

Ndiye pali prostate, kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna. Akuti mukatenga kachidutswa kake n'kuyerekeza ndi ka ziwalo zina zofewa, zinki wochuluka ali mmenemu, ndipo kamamuthira m'madzi a umuna. Kakang'ono chonchi, umbombo wonsewu ngwa chiyani? Chodabwitsa china, khansa ikalowamo zinki uja amachepa kwambiri. Wachepa chifukwa khansa yabwera, kapena khansa yabwera chifukwa wachepa? Wayamba ndani?

Bambo wa ku Chelstone amene akuvutika kukodza akafika ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, amamva za PSA, yoyeza magazi. Ngati zinki amathawa khansa ikabwera, bwanji samuwerenga iyeyo? Kapena wa m'magazi sanena za wa m'kachiwalo?

M'mafamase a ku Kabulonga ndi Woodlands mabotolo a zinki ali ndandanda pashelefu, ndipo azibambo amagula mwakachetechete. Wa m'botoloyo amadziwa njira ya ku prostate, kapena nayenso amayamba wakhotera kuchiwindi? Kafukufuku wa ku America wa mu 2003 anapeza kuti amuna omwa mamiligalamu opitirira 100 patsiku ndi amene ankapezeka kwambiri ndi khansa ya prostate yofika poipa. Akachepa ndi vuto, mukamuwonjezera ndi vutonso. Nanga wokwanira ndi wochuluka bwanji, ndipo tifunse wogulitsa kapena dokotala?