Tiwathokoze a Mamina, Mphunzitsi Wosalandira Malipiro

Chaka cha maphunziro chikamatha, sukulu za mkaka m'matauni mwathu zimachita mwambo wotsazikana ndi ana amene akupita ku Sitandade 1. Tiana ta zaka zisanu timavekedwa mikanjo yokhwekhwereza pansi ndi zisoti zamakona anayi, amayi amaimba nthungululu, ndipo mlendo wolemekezeka amaimirira n'kuyamba kuthokoza: eni sukulu, aphunzitsi, amayi ophika phala, ngakhale alonda. Koma pali mphunzitsi mmodzi amene dzina lake silimveka, chonsecho amakhala ali pomwepo, pamzere woyamba, pansi pa mphuno ya mwana amene akulandira satifiketi. Ndikunena a Mamina. Poti palibe amene akufuna kuwayamikira akuluakuluwa, udindowo ndausenza ndine.

Tiyambe ndi kukhulupirika kwawo pantchito. Alezi a m'sukulu za mkombaphala za kumudzi ambiri ndi ongodzipereka, moti mvula ikagwa amayenera kusankha pakati pa kalasi ndi khasu. Ufa wa phala ukatha, ananso amayamba kujomba. A Mamina sadziwa zimenezo. Sanyanyala ntchito, sapempha alawansi, sanamizira maliro. Madokotala amati mwana wamng'ono amadwala chimfine ka 6 mpaka ka 8 pachaka, ndipo amene wangoyamba kumene sukulu ya mkaka amatha kupitirira pamenepo. Ulendo uliwonse chimatenga sabata imodzi, mwina ziwiri. Chulukitsani ndi ana makumi atatu a m'kalasi imodzi, muona nokha kuti kuyambira tsiku lotsegulira mpaka lotsekera palibe m'mawa umene mphunzitsi ameneyu sanabwere. June ndi July akafika, chiperoni chitaphimba Thyolo ndi Mulanje, mazenera onse atatsekedwa, ana atapanikizana pamphasa kuti afunditsane, ndiye amagwira mpaka ovataimu.

Pakhoma la kalasi pamakhala tchati cha zophunzira za sabata imeneyo: ziwalo za thupi, mitundu ya utoto, kuwerenga mpaka 10, kugawana. Madamu amachilemba Lamulungu madzulo ndi mtima wonse. Koma amene amachitsatira mwandondomeko ndi a Mamina.

Lolemba amabwera modzichepetsa, ndi mwana mmodzi yekha. Ndi kamnyamata kamene amayi ake akasiya pageti n'kunena kuti, "Madamu, kangoyetsemula pang'ono usiku, koma kali bwinobwino," uku akuthamangira minibasi. Ana amakhala mozungulira, Madamu amatulutsa mpira wa mapepala kuti aliyense akaulandira atchule dzina lake. Kamnyamata kaja kamayamba kapukuta mphuno ndi chikhatho, kenako n'kulandira mpira ndi manja awiri monga kanaphunzitsidwira, n'kuupereka kwa mnzake mwaulemu. Mnzakeyo dzina lamuthawa, ndiye poganiza amaika chala m'kamwa. Mpira uja pomabwerera kwa Madamu, phunziro la ziwalo za thupi latha kale: dzanja, mphuno, diso, kamwa, ndi mmene zinayi zimenezi zimayenderana. Kachilombo koyambitsa chimfine kamafuna tsiku limodzi kapena atatu kuti kakhazikike, choncho Lachiwiri m'kalasi mumaoneka ngati mulibe kanthu. Lachitatu kapena Lachinayi, Madamu akafunsa funso, theka la kalasi limayankha ndi kufwenthera.

Za utoto ndiye musanene. Madamu ali ndi makirayoni asanu ndi atatu, atatu mwa iwo othyoka, lofiira linadyedwa temu yatha. A Mamina amabwera ndi zipangizo zawozawo ndipo amaphunzitsa pang'onopang'ono: masiku oyamba amadzimadzi, kenako oyererako, kenako achikasu, pomaliza obiriwira. Kubiriwirako kumachokera kwa asilikali a m'magazi amene athamangira kumphuno kukamenya nkhondo, chifukwa ali ndi mankhwala ena obiriwira m'kati mwawo. Pa masamu, tchati chimathera pa 10, koma a Mamina amapitirira silabasi. Mizere iwiri ija yotsika kuchokera kumphuno kulunjika kumlomo, yoongoka bwino ngati 11 wolembedwa ndi rula, ndiyo nambala yoyamba imene mwana aliyense amalemba popanda womugwira dzanja.

Komabe phunziro limene ndimawagwadira nalo ndi la kugawana. Aliyense amene analerapo mwana wa zaka zitatu amadziwa kuti mawu amene amawakonda koposa ndi akuti "changa." Chidole n'changa, kapu ndi yanga, Madamunso ndi anga. Madamu amachita kusasa mawu: "Ana inu, tizigawana! Mpatseko mnzako!" Mwana amakumbatira paketi ya Kamba Puffs n'kutembenukira kukhoma. Koma mwana yemweyo, woumira pa chilichonse, a Mamina amawagawa mowolowa manja, osayang'ana nkhope, osafunsa kuti dzulo unandipatsa chiyani. Amagawira amene amagwirizana naye, amagawiranso amene anamuluma Lachisanu. Ndipo mwambi uja woti kupatsa n'kuika palibe pamene umakwaniritsidwa msanga kuposa apa, chifukwa pakangotha masabata atatu amalandiranso kuchokera kwa mnzake chimfine cha mtundu wina.

Tsankhonso alibe. Pali mwana amene amatsitsidwa pagalimoto ya magalasi akuda, m'chikwama muli yogati ndi apozi. Pali wobwera pakabaza, pali wobwera ali kumsana kwa mchemwali wake, mbatata yootcha ili m'thumba. Makolo awo sangakhale pa benchi imodzi. Pofika Lachinayi ana atatuwa amakhala akufanana kuyambira pamphuno kufika pachibwano, ndipo manja a majuzi awo amanyezimira mofanana.

Eni sukulu amadandaula kuti makolo sathandiza ana homuweki. Kope limapita kunyumba Lachisanu, limabwera Lolemba lili ndi dontho la supu basi. Homuweki ya a Mamina yokha ndi imene banja lonse limalemba. Mwana amakwera pamiyendo pa bambo ake kukawaonetsa chithunzi cha nkhuku chimene wajambula, n'kuwayetsemulira m'maso mwachikondi. Loweruka madzulo bambo ayamba kumva kukanda pakhosi. Lamulungu mayi sakufika pa mawu apamwamba kukwaya. Agogo atenga mandimu ndi jinja, ena afunda bulangete pamphika wa masamba a bulugamu. Lolemba bambo aja akwera minibasi yodzaza anthu anayianayi pampando, n'kukafikitsa uthenga kuofesi, kumene abwana amene sanapondepo pa sukulu ya mkaka iliyonse nawonso amalandira gawo lawo. Ndiuzeni nthambi ya boma imene uthenga wake umayenda chonchi popanda galimoto ya zimkuzamawu.

Ena anganene kuti ndikukweza munthu wopanda mbiri. Ayi ndithu, mbiri ali nayo, ndipo inafika kutali. M'chaka cha 1921, pachipatala cha St Mary's ku London, Alexander Fleming anali ndi chimfine. Anatenga mamina ake n'kuwaika m'kambale momwe ankaweteramo tizilombo, ndipo anapeza kuti tizilombo toyandikana nawo tasungunuka. Umo ndi mmene anatulukira lysozyme, chinthu chopezeka m'mamina, m'misozi ndi m'malovu chimene chimaphwanya mabakiteriya ena. Penicillin, amene anam'patsa mphotho ya Nobel, anadza pambuyo, mu 1928. Dziko lonse limakumbukira nkhungu ya penicillin, koma amene anayamba kum'tsegula maso mkuluyu ndi a Mamina.

Sukulu za mkaka zomwezi anayamba nazo limodzi. Friedrich Fröbel, Mjeremani amene anatsegula sukulu yake ya ana ku Bad Blankenburg mu 1837, ankakhulupirira kuti mwana amaphunzira posewera ndi pogwira zinthu. Zidole zake ankazitcha mphatso, ndipo mphatso yoyamba inali timipira tofewa taulusi toti ana azigwira, azigwedeza, azipatsirana. Palibe njira ina imene munthu akanawakonzera bwino a Mamina kuposa imeneyo. Mu 1851 boma la Prussia linaletsa sukulu zimenezi poziganizira kuti zikufesa maganizo oukira, chiletso chimene chinatha mu 1860. Boma linaopa aphunzitsi ndi timipira tawo, osaona kuti wolalikira weniweni woti zonse n'za tonse anali pamphuno pa ana. Ku England ndiye anayesa kulimbana ndi a Mamina eni ake. Kuyambira 1946 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ku Salisbury kunali malo ofufuzira chimfine, kumene anthu akuluakulu ankadzipereka kukakhala masiku khumi, kudya ndi kugona mwaulere, kuti madokotala awadonthezere tizilombo m'mphuno. Anaphunzira zambiri, anatulukiranso coronavirus yoyamba ya anthu m'zaka za m'ma 1960, koma anatseka malowo mankhwala a chimfine asanapezeke. Akanangofunsa, kalasi iliyonse ya ana a zaka zitatu ku Ndirande ikanawapatsa zofufuza zokwanira m'mawa umodzi. Tizilombo ta rhinovirus tokha tili m'mitundu yoposa 100, n'chifukwa chake katemera wake kulibe, n'chifukwa chakenso mwana amafunika zaka zingapo kuti amalize kosi.

Ngakhale pamene palibe chimfine, akuluakuluwa sakhala chabe. Mphuno ndi njira za mpweya za munthu wamkulu zimapanga mamina pafupifupi lita imodzi patsiku. Amakola fumbi la October, utsi wa mbaula ndi fumbi la choko zisanafike kumapapo, ndipo titsitsi tosaoneka ndi maso timawakankhira kummero, n'kumezedwa mwakachetechete. Ndiye kuti mayi amene amakalipira mwana kuti, "Iwe, usameze, n'zonyansa!" amanena zimenezo akumeza awo. Mwana amangolakwa pochitira poyera.

Munthu wotchuka sasowa adani. Woyamba ndi kampango kamene amayi amakamangirira ndi pini pachifuwa cha yunifolomu. Kamapukuta chilichonse: matope a pansapato, phala lotayikira, misozi ya mnzake, koma mphuno ya mwini wake ayi. Wachiwiri ndi Madamu eni ake, amene amayenda ndi tishu akakhalapo, akasowa nsonga ya chitenje. Amagwada, amagwira mwana pankhongo ndi dzanja limodzi, linalo n'kutsina mphuno: "Mina! Mina mwamphamvu!" Mwana amawayang'ana m'maso, amakoka mpweya wonse, n'kubweza zonse m'kati. "Osati choncho, tulutsa!" Mwana amapemerera ndi pakamwa. Madamu amapukuta zimene zilipo, amaimirira, ndipo asanafike pabolodi 11 uja walembedwanso. Pali ana ena 29 amene akudikira. Mayi ameneyu, amene mwambi woti mwana wa mnzako ngwako yemwe amaukwaniritsa ndi chitenje chake tsiku lililonse, mwina kumapeto kwa mwezi salandira kanthu, ndipo pa ichi chokha amafanana ndi a Mamina.

Adani ena ndi makolo amene akangoona zobiriwira amathamangira kugolosale kukagula Bactrim kapena amoxicillin, makapisozi anayi okulungidwa m'kapepala. A Mamina amangoseka, chifukwa mankhwala amenewo amapha mabakiteriya, pomwe chimfine chimabwera ndi vayirasi. Chimatha chokha patsiku lake, makapisozi n'kutenga ulemu umene sanaugwirire ntchito, ndipo tizilombo tina m'thupi timatsala titaphunzira kupirira mankhwalawo. Apa ndiimitse kaye nthabwala: chibayo sichili m'gulu la amene ndikuwayamikira. Mwana akamapuma mothamanga, nthiti zikamalowa m'kati, akamakana kudya ndi kumwa, kapena thupi likatentha kwambiri, ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo.

Mu March 2020 sukulu zonse m'Malawi zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo kwa nthawi yoyamba a Mamina anapatsidwa tchuthi chokakamiza. Potsegulira anapeza zinthu zasintha: chidebe cha madzi pageti, sopo pambali, akuluakulu atavala zotseka pakamwa. Anagwedezeka ndithu, pakuti mdani amene amamuopadi ndi sopo. Chigubu chopachika pamtengo, chingwe ndi kamtengo kopondapo, mpondagiya wathu uja, kuphatikiza kachidutswa ka sopo, zimawabwezera m'mbuyo kuposa mankhwala onse a m'golosale. Mwayi wawo ndi woti anthu timaiwala msanga. Mliri utangozizira, zidebe zija zinapita kukhitchini kukasungira ufa.

Pa sukulu ina ya mkombaphala imene ndimaidziwa, mpondagiya alipobe, waima kuseri kwa chimbudzi, koma chingwe chopachikira sopo chimangolendewera. Mayi wina analimba mtima pamsonkhano wa makolo n'kupempha kuti banja lililonse lizisonkha kangachepe kogulira sopo mwezi ndi mwezi. Abambo ena anafunsa kuti azisunga ndalamazo ndani. Ena anati sopoyo mbuzi zimadya. Anagwirizana kuti nkhaniyo ikakambidwe ndi komiti Lachisanu lotsatira. Lachisanulo komiti sinakumane, chifukwa a tcheyamani ndi a msungichuma onse anali gone ndi chimfine chimene anatengera kwa adzukulu awo.