Chipata cha Nyenyezi, Chipata cha Nyenyezi

M'dera lathu, kumene nyumba zinathithikana kotero kuti mayi mmodzi akakazinga usipa mzere wonse umadziwa ndiwo za tsikulo, muli bambo wina wogulitsa zitsulo za njinga amene Mulungu anamudalitsa ndi wailesi ya kanema yaikulu ngati chitseko. Ndipo popeza chuma chotere sichibisika, madzulo a Loweruka pabalaza pake pamadzaza anansi, akulu pamipando, amayi pamkeka, ana ali mbwee pafupi ndi galasi, onse kudzaonera nthano ya ku America yotchedwa Stargate SG-1, imene mwana wa pakhomopo anabwera nayo pa madisiki kuchokera ku Johannesburg.

Nthanoyi, imene inayamba mu 1997 n'kutha mu 2007 itakwanitsa zigawo 214, imasimba za mphete yaikulu yofukulidwa ku Giza, m'dziko la Aigupto, imene asilikali anakaibisa pansi pa phiri la Cheyenne ku Colorado. Munthu akalowa m'mphetemo amatulukira kudziko lina la kutali pakati pa nyenyezi, wopanda kulipira basi kapena kukangana ndi kondakitala. Tonse tinkaionera mwamtendere, kufikira tsiku limene anatiyendera Aphunzitsi, nkhalamba yolemekezeka imene inapuma ntchito kalekale koma choko sichinaichoke m'mawu.

Dzina la nthano litangooneka pagalasi, Aphunzitsi anakweza ndodo nafunsa tanthauzo la zilembo ziwiri zija, S ndi G. Mnyamata wa ku Johannesburg, posadziwa kuti akuponda mchira wa njoka, anayankha mwaulemu kuti n'chidule cha Stargate, ndiko kuti chipata cha nyenyezi, ndi kuti SG-1 ndi gulu loyamba la anthu olowa pachipatacho. Pamenepo nkhalamba inaimirira, inakonza jekete, ndipo mwini nyumba, amene anaphunzira kuwerenga m'manja mwa munthu yemweyo, anaimitsa kanema msangamsanga.

"Bambo mwini nyumba, inu eni khomo lino," anatero Aphunzitsi, "amayi ndi abambo, akazi ndi amuna, ndisanayambe kulankhula ndifuna ndinene mawu ochepa, aafupi, osatalika. Ine pandekha, mwini wakene, ndaona ndi maso angawa ndipo ndamva ndi makutu angawa kuti dzina la nthanoyi ndi Chipata cha Nyenyezi Chipata cha Nyenyezi Choyamba. Kumeneku ndi kubwereza, ndi kunena kawiri, ndi kutchulanso kachiwiri chinthu chimene chatchulidwa kale poyamba!"

Palibe anaseka, pakuti kwathu kuno chitsotso cha m'diso la mzungu timaloledwa kuchiloza, koma mtanda wa m'diso la munthu wa imvi timaulambalala ngati chisa cha mavu. Atalimbikitsidwa ndi bata limenelo, Aphunzitsi anatikumbutsa kuti matendawa ndi akale: David Livingstone atafika panyanja yathu mu 1859 anafunsa dzina lake, ndipo atamva mawu akuti nyasa, amene m'Chiyao angotanthauza nyanja, analemba Lake Nyasa, kotero kuti dziko lonse lapansi linakhala zaka zambirimbiri likunena kuti Nyanja Nyanja ndi nkhope yosasekerera. Apa ndivomere kuti nkhalamba inalasa. Ndipo ndikanaiombera m'manja ikanapanda kufotokoza nkhani yomweyo katatu, kachitatuko m'Chingerezi.

Kanema atayambanso, mkwiyo wawo unagwera msilikali wina wa magalasi amene amakhala pa kompyuta pamene mphete ikuzungulira. Mpheteyo ili ndi zizindikiro zimene zimayaka chimodzichimodzi kufikira zitakwana 7, ndipo ngakhale akuluakulu onse aima pazenera akuona okha, munthu ameneyu amalengeza kuti choyamba chayaka, chachiwiri chayaka, osadumpha n'chimodzi chomwe. Aphunzitsi anafuna kudziwa ngati boma la America limalipiradi munthu kuti aziuza openya zimene akupenya. Koma amayi a pamkeka sanalole kuti msilikaliyo anyozedwe, ndipo mayi wa pakhomopo, atagwada pang'ono monga mwa mwambo, anati, "Pepani Aphunzitsi, nanga pa ukwati wa mdzukulu wanu uja, pa perekaniperekani, si inu munagwira chimkuzamawu n'kumatiuza kuti amalume akuvina, pamene amalumewo ankavina pamaso pathu?" Aphunzitsi anayankha kuti zimenezo n'zosiyana, n'zosafanana, ndipo si chimodzimodzi.

Munthu mmodzi yekha m'nthano yonseyo ndiye anapeza chisomo pamaso pawo, ndiye Teal'c, chimphona cha chizindikiro chagolide pamphumi, chimene Christopher Judge anachisewera zaka 10, ndipo chimadziwika ndi kuyankha nkhani zazitali ndi liwu limodzi lotanthauza kuti zoonadi. Ameneyo, anatero Aphunzitsi, ndiye mwamuna wodziwa kusunga mawu; ndipo anamutamanda chifukwa cha kufupikitsa kwakeko kwa nthawi yokwanira kuphika nsima, kuipakula, ndi kutsuka mphika, ife tikuyang'ana chimphonacho chitauma pagalasi kukamwa kuli kotseka.

Usiku utakula Aphunzitsi anatsazika pampando, natsazikanso pakhomo, natsazikanso pakhonde. Mwini nyumba ndi mwana wake anawaperekeza mpaka pachipata cha mpanda, chimene ndi chamalata ndipo sichipita kunyenyezi ina iliyonse, ndipo pamenepo nkhalamba inatembenuka, inagwira mnyamata uja paphewa, niti, "Mwanawe, ine ndapita, ndanyamuka, ndili paulendo. Koma ukawalembere kalata azungu akowo, uwauze kuti mawu okwana kunena kamodzi asamawabwereze mobwerezabwereza. Wamva? Wamvetsa? Zalowa?"

Mnyamatayo anaweramitsa mutu, manja ali kumbuyo, nayankha ndi mawu aakulu a pakhosi, "Zoonadi."